Miyala ya Chiliza cha Amayi

1. Chikwama cholemera

Aliyense ku Lirangwe ankadziwa kuti Enifa ndi mwana wokonda mabuku. Ndiye chikwama chake cha kusukulu chitayamba kulemera mpaka kumupendeketsa phewa, palibe anadabwa. Anthu ankangoti, "Fomu 2 si masewera." Akanadziwa! Mabuku m'chikwamamo anali atatu okha. Zinazo zinali miyala.

Mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ankakhala ndi mayi ake aang'ono, a Miriam, chifukwa mayi ake omubala, a Emily, anamwalira pa ngozi ya lole zaka ziwiri m'mbuyomo.

Bambo ake, a Potiphar, ankagwira ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu pa bwalo la ndege ku Chileka, ndipo ankachita lendi kachipinda komweko. Amuna ambiri akasudzulidwa mkazi atamwalira, njira ya kwa apongozi imamera udzu. Koma a Potiphar Loweruka lililonse ankakwera kabaza mpaka pa Lunzu, n'kugwira minibasi, kudzaona mwana wawo.

Loweruka lina Enifa akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, anamva bambo ake akuyankhula ndi a Miriam pakhonde.

"Alamu, simenti ndapeza. Mchenga tikatapa kumtsinje. Mmisiri wavomera kubwera Loweruka lomaliza la mwezi uno, ndipo abale ndawauza kale. Chandivuta ndi kwale. Chiliza chopanda miyala sichichedwa kung'aluka."

"Yesetsani, alamu," anatero a Miriam. "Mvula ya chaka chino isapezenso achemwali ali pa dothi lokhalokha. Mtumbira uja ukutitimira, mtanda wathabwa chiswe chinadya kalekale. Tikazengereza, mwanayu adzakula osadziwa pomwe anagona mayi ake."

Mawu amenewa anamubaya Enifa. Nkhope ya mayi ake inali itayamba kale kumuthawa m'maso. Tsopano ndi manda omwe?

Njira yachidule yochokera kusukulu inkatsata njanji. M'miyezi imeneyo njanjiyo inkakonzedwa, ndipo anthu a zipewa zachikasu anali atathira miyala yatsopano, yoswaswa kale, yofanana misinkhu, ili mbwee mpaka komwe maso amalekezera. Lolemba Enifa anayang'ana uku ndi uku, anawerama, n'kutapa kawiri ndi manja onse.

Lachiwiri anatapa kanayi. Pofika sabata yachitatu, kuseri kwa khola la mbuzi kunali mulu wofika m'mawondo, wofunditsidwa mapesi. Paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Akamakhuthula chikwama ankanong'ona kuti, "Iyi ndi yanu, amayi."

Tisamunamizire mwanayu. Enifa sanali wakuba. Ngakhale cholembera chotola ankachipereka kwa aphunzitsi. Iye ankangoona kuti mwala ndi mwala basi, ulibe mwini, ndipo njanji yaitali chonchija singamve kuchoka kwa timiyala tokwana m'chikwama.

2. A Wyson ndi nyundo yawo

Kunali bambo wina wachikulire, a Wyson, amene anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu n'kupuma. Ntchito yokonza itayamba anawaitananso kuti aziyendera njanjiyo tsiku ndi tsiku. Ankayenda ndi nyundo ya mpini wautali, kugogoda chitsulo, ngwe, ngwe, n'kumamvetsera ngati dokotala. Ana ankawaseka, koma iwo analibe nazo ntchito.

Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti mmisiri abwere, Enifa ananjuta pafupi ndi kamlatho ka njanji, chikwama chili yasa. Nyundo sanaimve chifukwa a Wyson anali ataikoleka paphewa.

"Mwaswera bwanji, amayi a sukulu?"

Enifa analumpha. "Nda... ndaswera bwino, agogo. Kaya inu?"

A Wyson ananyamula chikwama chija, n'kuchiyesa kulemera. "Iii, homuweki ya masiku ano! Aphunzitsi anu alibe chisoni." Sanakalipe. Anangoloza mthunzi wa mtengo wa masau. "Tiye tikhale apo. Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa malemu a Emily, agogo."

"Emily wa tomato?"

"Eya."

"Nanga miyalayi ukupita nayo kuti?"

Enifa anafuna kunama, koma bodza silinabwere. "Ndi ya chiliza cha amayi. Ababa kwale wawavuta. Mmisiri abwera Loweruka."

A Wyson anavula chipewa, n'kuchiika pabondo. Kenaka anadzuka. "Tabwera uone."

Anaponda mtanda umodzi wa konkire mwa imene njanji imagonapo. Unali nji, osasuntha. Anasendera pamene Enifa ankatapa masiku onsewa, n'kupondanso. Mtandawo unagwedera pang'ono.

"Waona? Mvetsera, mdzukulu wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Miyalayi sanaithire kuti ikongoletse. Njanji imagona pa mitanda, mitanda imagona pa miyala. Sitima ikamadutsa, kulemera kwake konse kumatsikira pa miyala imeneyi. Mvula ikagwa, madzi amadutsa m'miyalamu n'kumapita, dothi osakokoloka. Ukachotsa miyala, mtanda umalendewera. Lero ugwedera pang'ono, mawa kwambiri, mkuja njanji yapindika. Ndipo sitima si njinga yoti woyendetsa akaona dzenje akhotetsa."

"Komatu ine ndimatapa pang'ono, agogo."

"Eetu. Womanga chimbudzi akutinso watapa pang'ono. Wokonza khonde, pang'ono. Mudzi wonse ukatapa pang'ono, njanji igona pa chiyani?"

Anabwerera pamthunzi paja. A Wyson anapitiriza.

"Ukudziwa chifukwa chake akuikonza njanjiyi? Chuma chimene chathiridwa apa chikanatha kupita kwina. Koma anthu anakhala pansi n'kuona kuti msewu watopa, nalo dziko latopa. Tsiku lina ukaime pa msewu waukulu uja, uone malole ndi maminibasi, chilichonse ndi utsi wake wakuda bii. Utsi umenewo suthera pamenepo ayi. Umakwera kumwamba n'kufunda dziko ngati bulangete mwezi wa Okutobala. Nchifukwa chake kukutentha chonchi. Nchifukwa chake mvula ikumachedwa, ndipo ikabwera ikumabwera ndi ukali, kukokolola minda ndi milatho. Ine ndili mnyamata tinkadzala chimanga kamodzi basi. Lero tikumadzala kawiri, katatu, ngati tikuyesa mwayi."

"Nayonso sitima imatulutsa utsi, agogo. Tinaphunzira."

A Wyson anaseka. "Ndiwe mwana wa Emily ndithu, sankalola kugonja pa mtsutso. Imatulutsa, sindikunamiza. Koma tandiuza, pamaliro aliyense atati asonkhe moto wake ndi kamphika kake, nkhuni zingathe zingati? Nchifukwa chake timasonkha moto umodzi, mphika waukulu. Sitima ili chimodzimodzi. Katundu wa malole ambirimbiri imakoka ulendo umodzi. Anthu mazanamazana, ulendo umodzi."

Mawu awo anatsika.

"Mayi ako ndinkawadziwa. Nthawi imene sitima ya anthu inkaima pano, ankabwera ndi dengu la tomato pamutu, iwe uli kumbuyo, kamutu kali lendelende ndi tulo. Ine ndi amene ndinkawalandira dengu pakhomo pa sitima. Ankakhala pampando ngati munthu, dengu lili pamapazi, mpaka ku Limbe. Madzi atadula njanji, amayi onse a tomato anayamba kukwera pamwamba pa malole, pa matumba a makala. Zotsalazo ukuzidziwa."

Enifa anaweramitsa mutu. Misozi inkagwera pa yunifolomu.

"Sindikunena izi kuti ulire, mdzukulu wanga. Loweruka lomwelo m'mawa kudutsa sitima yoyesera. Ikadutsa bwino, ya anthu iyambanso kuima pa siteshoni yathu. Akuluakulu a njanji akapeza ikugwedera abwerera nayo sitimayo, kaya mpaka liti, ndipo anzawo a mayi ako apitiriza kukwera malole. Pamwamba pa malole pamenepo pali amayi a ana ena."

Anakhuthulira miyala ya m'chikwama ija pa njanji, n'kumupatsa chikwama chake chopepuka.

"Ine sindikakunenera kwa munthu. Miyala imene ili kwanuyo ndi nkhani ya iwe ndi mtima wako."

3. Mulu wa kuseri kwa khola

Madzulo a tsiku lomwelo, a Miriam akutsekera mbuzi, Enifa anawakoka chitenje. "Amayi aang'ono, tabwerani muone."

Anachotsa mapesi. A Miriam anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye chikwama chija? Ine kumauza anthu kuti mwana wanga adzakhala loya!"

Enifa anafotokoza zonse, za chiliza, za mtanda wogwedera, za a Wyson. A Miriam anatola mwala umodzi, n'kuutembenuzatembenuza. Unali mwala wabwino, chilungamo chake. Anayang'ana kunjira ngati kukubwera munthu.

"Miyalayitu ingakwane theka la chiliza," anatero chapansipansi. "Ndipo a Wyson anena okha kuti sakakunenera. Enifa, aja ndi achemwali anga. Anandibereka kumbuyo ine. Ukuganiza kuti sindimva kuwawa ndikamadutsa kumanda kuja?"

"Tikaibweza, chiliza chimangidwa?"

"Loweruka lino ayi, ndisakunamize. Tingakaswe tokha miyala kuphiri, koma imeneyo ndi ntchito ya masabata. Mvula ikhoza kutipeza, ndipo abale amene aitanidwa adzatiseka."

Enifa anayang'ana muluwo. Masabata atatu a phewa lopweteka anali pamenepo. Mwala uliwonse anali atauuza kale kuti ndi wa amayi.

"Ndikaibweza," anatero.

"Wanena bwanji?"

"Ndikaibweza mawa ndikaweruka. Amayi akagona pansi pa miyala imeneyi, ine sindidzatha kupita kukawaona."

A Miriam anaponya mwala uja pa mulu. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kumukumbatira mwanayo.

"Wandichititsa manyazi, mwana iwe, koma manyazi abwino. Mvera tsono. Ukaibweze masana, anthu akuona, osati mozemba. Chinthu chotengedwa mobisa chikabwezedwanso mobisa, mtima supola. Akakuseka, uwasiye aseke. Kuseka sikutupitsa munthu."

4. Maulendo asanu ndi awiri

Lachisanu ataweruka, Enifa anafunafuna wilibala ya pakhomo, osaipeza. Inali wilibala yakale ya bambo ake, imene tayala lake linang'ambika n'kulimanga ndi waya. Tsiku lomangalo Enifa ndi amene anagwirira tayalalo.

"Kaya wabwereka ndani," anatero a Miriam. "Ine ndinali kudimba kuyambira m'mawa. Tenga beseni ili." Anamupindira nkhata, n'kumusenzetsa.

Njira ya kunjanji inkadutsa pa mjigo, ndipo pa mjigo sipasowa pakamwa.

"Taonani zachilendo! Anzake amatuta kunjanji kupita kunyumba, uyu akututa kunyumba kupita kunjanji!"

"Sukulu ikachuluka imazunguza mutu, anthuni."

Enifa sanaime. Ulendo woyamba anaseka onse. Wachitatu anaseka awiri. Pa ulendo wachisanu mayi wina, amene ankagulitsa tomato limodzi ndi malemu, anamuimitsa, n'kumupatsa madzi akumwa m'kapu. Sanamufunse kanthu.

Miyalayo ankaithira pa mtanda wogwedera uja, n'kumaikankhira pansi pake ndi mtengo monga anaonera anthu a zipewa zachikasu akuchitira. Ulendo wachisanu ndi chiwiri unali womaliza. Khosi linkawawa, manja anali ndi mikwingwirima. Anaponda mtandawo. Unali nji.

Anamva mtima kupepuka, ngakhale chisoni cha chiliza chinali chikadalipo. Anatola beseni lake kuti azipita. Ndi pamene anaponya maso tsidya lina la kamlatho, n'kuima chilili.

Kumeneko kunali dzenje. Silinali la manja a mwana ayi, linali la fosholo. Mitanda itatu inali ikulendewera, pansi pake pakuoneka dothi lofiira. Dzulo dzenjeli panalibe.

Kuchokera padzenjepo, mkukuluzi wa tayala limodzi unatsetsereka kulowera kuthengo. Enifa anawerama. Pa fumbi, tayala likazungulira kamodzi, pankatsala kachizindikiro ka mfundo ya waya. Mfundo imeneyo ankaidziwa bwino.

5. Kumene tayala linalowera

Mkukuluziwo sunapite kumudzi. Unadutsa m'munda wa nandolo, n'kukathera pa mitengo ikuluikulu ya m'mphepete mwa manda, pamene anthu amaima akapanda chilolezo cholowa.

Pamenepo panali a Potiphar, atakhala pa wilibala, fosholo ili pambali. Anali akadavala malaya a kuntchito, thukuta lili kamukamu. Atamuona anadzuka mokondwa.

"Aa, mayi wanga! Wandipeza bwanji? Ndimati ndikudzidzimutse. Ndapempha ofu kuntchito, ndafika m'mawa iwe uli kusukulu. Taona!"

Anachotsa udzu umene anafunditsa. Mulu wake unali wofika m'chiuno.

"Ndatuta ndekha, osapuma. Mawa mmisiri akafika apeza zonse zili tayale. Amako agona m'nyumba yolimba, Eni. Mvula ibwere mmene ingabwerere."

Ankamwetulira. Chimwalirire mayi ake, Enifa anali asanawaonepo bambo ake akumwetulira chonchi, ndipo zinamupweteka kuposa khosi lija. Akanakonda atangothamanga n'kukawakumbatira.

Anagwada pafupi ndi muluwo, n'kuika beseni pansi. Anatapa miyala ndi manja onse awiri, n'kuthira m'beseni. Anatapanso.

"Ukutani?"

"Ababa, miyalayi ndi ya njanji. Pakamlatho paja mitanda itatu ikulendewera. Mawa m'mawa kudutsa sitima yoyesera."

Kumwetulira kuja kunazima. "Njanji ili ndi miyala kuyambira pano mpaka ku Mozambique. Amako alibe ndi umodzi womwe."

"Nanenso ndinkatero, ababa. Ndinali ndi mulu wanga kuseri kwa khola, wa masabata atatu. Ndaubweza lero."

"Iwe? Unkatuta miyala iwe?"

"Eya. Ndinakumvani mukuuza amayi aang'ono." Anatapanso miyala ina. "Ababa, amayi akanakhala m'sitima tsiku lija, bwenzi mawa tikumanga chiliza?"

A Potiphar anamugwira dzanja limene linali ndi miyala. Sanamufinye. Anangoyang'ana m'mitengo muja, kumene mkazi wawo anagona pansi pa mtumbira wotitimira.

Chapatali, kunjanji, kunamveka nyundo. Ngwe. Ngwe. Ngwe. Inkayandikira kamlatho. Kenaka inasiya.

Sipanapite nthawi, nandolo anayamba kugwedezeka. Chipewa chinatulukira, kenaka mpini wautali paphewa. A Wyson ankabwera pang'onopang'ono, maso ali pansi, akutsata mfundo ya waya pa fumbi.

Atafika anaona mulu, anaona wilibala ndi fosholo, anaona mtsikana ali chigwadire. Anavula chipewa chifukwa cha manda.

"Mwaswera bwanji, a Potiphar?"

A Potiphar anayang'ana mulu wawo uja. Dzanja la mwana wawo anali asanalisiye, ndipo beseni linali pakati pawo, miyala ili theka.